Feki: Liwu Lobwereka Limene Likutibisira Wonyenga

 

Nkhani yanga ndi ya liwu limodzi lachingerezi limene lalowa m'kamwa mwa aliyense kuchigwa cha Shire kuno, ngakhale mwa agogo amene sanaponde m'kalasi. Pitani pamsika wa Nchalo, pa Dyeratu, pa Ngabu kapena pa Bangula tsiku la msika, simutha mphindi khumi musanalimve. "Batire ili ndi la feki." "Tchaja ichi n'cha feki." "Osagula pamenepo, mafuta akewo ndi a feki." Anyamata afika mpaka pomuuza mnzawo kuti, "Iwe ndiwe feki." Liwuli ndi "fake", ndipo ife talipinda lilime n'kukhala feki. Sindinabwere kudzalithamangitsa. Chiyankhulo chathu chinabwereka kale buku, sukulu, sopo ndi foni, ndipo sichinafe nazo. Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti liwuli talisenzetsa katundu wambiri, mwakuti tsopano likutisokoneza pa zinthu zimene zikukhudza chakudya chathu, ndalama zathu, ngakhale moyo wathu.

Ndiyambe ndi kumene linachokera, chifukwa mbiri yake ikutiuza kanthu. Liwuli silinabadwire m'nyumba za anthu ophunzira. Linali la mbava za mu mzinda wa London, m'chiyankhulo chawo chachinsinsi chimene ankagwiritsa ntchito kuti apolisi asamve. Munthu wina wa ku England dzina lake James Hardy Vaux, mbava imene boma linaithamangitsira ku Australia ngati chilango, analemba mndandanda wa mawu a mbavazo m'chaka cha 1812 ali mkaidi ku Newcastle, m'dera la New South Wales, n'cholinga choti oweruza milandu azimva zimene akaidi akuyankhula. Mndandandawo unasindikizidwa mu 1819. M'menemo "fake" ndi mneni, liwu la zochita. Ankalinena akamabera munthu, akamamuvulaza, akamasula kiyi wabodza wotsegulira nyumba ya eni, akamalemba kalata, ngakhalenso pamene munthu wadzitema mwendo dala kuti amutulutse usilikali kapena amulembe m'gulu la odwala. Choncho m'mndandanda umenewo, liwuli linkaloza munthu amene akuchita chinthu ndi manja ake, akudziwa chimene akuchita. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Inu ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, m'Chingerezi cha lero liwuli limagwira ntchito zitatu. Limakhala dzina la chinthu chopangidwa monamizira, monga ponena kuti chithunzi ichi ndi "a fake". Limakhala mfotokozi, monga "fake money", ndalama zachinyengo. Limakhalanso mneni: "to fake an illness" ndiko kunamizira kudwala, "to fake a signature" ndiko kusaina dzina la mwini ngati kuti ndiwe mwiniyo. Ife pobwereka tinatola kwambiri ntchito yachiwiriyo, yomata pa katundu. Mneni uja, amene amafuna kuti pakhale wochita, tinamusiya kutsidya.

Dziwaninso kuti Angerezi eni ake sadalira liwu limodzili. Akamalemba za ndalama kapena katundu wokopera chizindikiro cha kampani ina, amati "counterfeit". Akamanena za munthu wodzitcha dokotala asali dokotala, kapena kampani imene ili papepala pokha, amakonda kunena kuti "bogus", liwu limene linamveka ku America m'zaka za m'ma 1820 ngati dzina la makina opangira makobidi abodza. Mwambo kapena ukwati wongoonetsera amautcha "sham". Ndipo chikalata chosainidwa mwachinyengo ndi "forgery". Limeneli limandikhudza ine monga mwana wa chigwa chino, chifukwa likuchokera ku "forge", malo osulirapo zitsulo. Makolo athu Amang'anja ankatchuka ndi kuyenga chitsulo ndi kusula makasu, ndipo khasu lawo linkayenda mtunda ngati ndalama. Luso losula ndi lomwelo. Wina amasula khasu lolimira, wina amasula kiyi wothyolera nyumba. Pamayeso ndi m'makalata a ntchito, sankhani liwu loyenera malo ake, chifukwa "fake" ndi liwu la pamsewu kuposa anzakewa.

Tsopano tifunse: chinthu chimakhala cha feki pakachitika chiyani? Ine ndimaona kuti pamafunika zinthu izi pamodzi. Chinthucho chizidzitchula dzina limene si lake. Pakhale munthu amene akudziwa zoona koma wazibisa dala. Ndipo pakhale wina amene akukhulupirira n'kutayapo kanthu. Pakasowa chimodzi mwa izi, tifune liwu lina.

Ndikuonetseni ndi mbewu ya chimanga, popeza iyi ndi nkhani imene yaliza makomo ambiri m'Malawi muno. Munthu amagula chimanga wamba cha m'nkhokwe, n'kuchipeta, n'kusankha maso akuluakulu. Amachithira utoto wofiira kapena wobiriwira, wofanana ndi mankhwala amene makampani amapaka mbewu yeniyeni pofuna kuiteteza ku tizilombo. Chikauma amachilonga m'mapaketi a pulasitiki osindikizidwa dzina la kampani yodziwika, n'kumata kukamwa kwake ndi moto. Tsiku la msika amayala pansi. Akubwera mayi wa kudimba, madzi a Shire angophwa kumene, nthaka ikadali ndi chinyontho, ndipo akudziwa kuti akachedwa sabata ziwiri wataya chaka. Wagulitsa mbuzi, kapena wagwira ganyu masiku angapo. Akuona mtengo watsikirapo pang'ono poyerekeza ndi wa m'sitolo, akugula paketi ya makilogalamu awiri.

Kuipa kwa chinyengo chimenechi n'kwakuti mbewuyo imamera. Ndi chimanga ndithu, ndiye chilekerenji kumera? Mayi uja amapalira, amathira kafeteleza kamene wapeza, amapirikitsa mbalame ndi anyani, usiku mwamuna wake amagona kudimba kuopa mvuu. Pakatha miyezi itatu m'pamene munda umayamba kuulula: mapesi osalingana, ena ataliatali ena ofika m'chiuno, ngaiyaye zotuluka nthawi zosiyana, zitsononkho zazing'ono za maso apatalipatali. Wogulitsa uja anapita kalekale, ali kumsika wina. Ndipo mayiyu nthawi zambiri saganizira n'komwe za paketi ija. Amati dzuwa linanyanya, amati nthaka yaguga, mwinanso amayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mnansi wake wa m'malire kuti ndiye anamulodzera munda. Wakuba wadya ndalama, njala yalowa m'nyumba, chibale cha pamudzi chasweka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu suika nyerere m'mimba mwake mwadala. Paketi ija anaikonza ndi munthu, anasankha yekha utoto, akudziwa kuti amene adzagule ndi wosauka.

Apo ndiye pali feki weniweni. N'chimodzimodzi feteleza wosakaniza ndi mchenga, mankhwala opopera thonje othiridwa madzi m'botolo la chizindikiro chenicheni, ndalama ya K5,000 yojambulidwa pamakina imene amakupatsira madzulo kukuchita mdima ukagulitsa mbuzi, ndi satifiketi ya MSCE imene mwini wake sanalembe mayeso a MANEB.

Koma tamverani mmene ife tikuligwiritsira ntchito. Foni yotchipa imene yalembedwa dzina lake lenileni, yagulitsidwa pamtengo wake, n'kuwonongeka pakatha chaka, timati ya feki. Siinaname foniyo. Ndi yosalimba, basi. Malaya a pakaunjika si a feki, ndi ovalidwapo kale, ndipo aliyense wogula amadziwa. Ana akamachita masanje kuseri kwa nyumba, wina n'kukhala bambo, wina mayi, n'kuphika nsima ya dothi, palibe amene wanamizidwa. Ana a sukulu akamachita sewero, mtsikana n'kuvala ngati namwino, sitiitana apolisi. Koma mtsikana yemweyo atavala choncho n'kuyamba kubaya anthu jakisoni m'mudzi n'kumalandira ndalama, pamenepo mlandu wabadwa. Chovala n'chomwecho, chasintha ndi cholinga ndiponso kuti tsopano pali wokhulupirira amene akutaya.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti feki tamupezera mnzake, orijino, ndipo pang'onopang'ono tazolowera kuti orijino ndi chochokera kunja, pomwe chopangidwa kwathu timachikayikira. Khasu losulidwa ndi mmisiri wa pamudzi kuchokera ku chitsulo cha galimoto yakale, lolimba kuposa la m'sitolo, mnyamata amalinyoza kuti ndi lokolo, ndi feki. Lanama chiyani khasulo? Mmisiri wake mukumudziwa, nyumba yake mukuidziwa, likathyoka mumubwezera. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza thonje likulimidwa ndi kupotedwa m'midzi ya Amang'anja, ndipo analemba kuti anthu ankasiyanitsa thonje lobwera ndi thonje lamakolo. Lobweralo linali la ulusi wautali, lamakololo linali lalifupi koma lolimba. Makolo athu ankadziwa ubwino wa lililonse, sankati lina ndi labodza chifukwa ndi lakwathu. Nsalu yawo ya machila inkagulidwa mpaka ku Zambezi kwa zaka mazana. Munthu amene sadziwa kusiyanitsa chakunja ndi chenicheni ndi amene amapusitsidwa msanga, chifukwa wonyenga amangofunika kumulembera dzina lachizungu papaketi.

Kusiyanitsa kumene ndikunenaku si kwa aphunzitsi a chiyankhulo okha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbana ndi vuto lomweli kwa zaka zambiri, mayiko akukangana za liwu loti agwiritse ntchito pa mankhwala oipa. Mu 2017 anagwirizana zosiyanitsa magulu. Pali mankhwala opangidwa ndi kampani yovomerezeka koma osafika pa muyezo, mwina chifukwa anapangidwa mosasamala kapena anawonongeka posunga. Pali mankhwala onamizira dala dzina, zosakaniza kapena kumene achokera. Palinso amene sanalembetsedwe m'dziko limene akugulitsidwa. Chaka chomwecho bungweli linanena kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse ndi osafika pa muyezo kapena onamizira. Anasiyanitsiranji? Chifukwa mankhwala ake a vuto lililonse ndi osiyana. LA weniweni, mankhwala a malungo, amene wakhala padzuwa la pamsika wa kuno miyezi ingapo atha kufooka, ndipo kuthetsa kwake ndi kusunga bwino ndi kuletsa kugulitsa mankhwala pamphasa. Koma mbulu wa ufa wopakidwa mtundu wa LA ndi ntchito ya munthu amene wavomera mumtima mwake kuti mwana wa wina afe ndi malungo iye apeze phindu. Ameneyo malo ake ndi kundende. Tikazitcha zonse feki, wosasamala ndi wakupha timawaika pa mkeka umodzi, ndipo wakuphayo ndi amene amapindula.

Chichewa chathu, ndi Chimang'anja chimene tinayamwa, sichinali chosowa mawu pankhaniyi. Tili ndi bodza, la pakamwa. Tili ndi kunamizira, pamene munthu akudzionetsa ngati wodwala, wogona kapena wachisoni. Tili ndi kupeka, kupanga nkhani imene sinachitike. Tili ndi chinyengo, ndipo tili ndi chiphamaso. Awiri omalizawa ndiwo ndikufuna tiwayang'anitsitse.

Chiphamaso ndi chinthu chochitidwa kuti maso aone, mtima wa ntchitoyo palibe. Chitsanzo chake sitichifuna kutali. Pa 23 Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, pamaso pa Pulezidenti Robert Mugabe wa Zimbabwe ndi Pulezidenti Rupiah Banda wa Zambia. Ambiri mwa inu munapitako kapena munamvera pawailesi. Maganizo ake sanali opusa. Kale sitima zapamadzi zinkayendadi kuchokera ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, kukwera Shire kudutsa Nsanje, imene azungu ankaitcha Port Herald, mpaka ku Chiromo ndi kwa Katunga. Dziko lopanda gombe ngati lathu limalipira zambiri pa mafuta ndi feteleza chifukwa cha mtunda, ndipo njira ya pamadzi ya makilomita 238 inali loto loyenera kulilota. Simenti imene inathiridwa pamenepo inali yeniyeni, ndalama zake zinali zenizeni. Koma tsiku lotsegulira linafika mgwirizano ndi Mozambique usanapse. Boma la Mozambique linaimitsa chombo chimene chinkayenera kufika ndi feteleza, likunena kuti kafukufuku wa mtsinje ayambe wachitika. Anthu anavina, riboni inadulidwa, koma chombo sichinaoneke, ndipo kufikira lero dokolo silinagwire ntchito imene analimangira.

Ndamva achinyamata akuti doko la feki. Ine ndikuti ayi, liwu limenelo likuphonya. Doko lilipo, mutha kukaligwira ndi manja. Chimene chinali chosaona ndi mwambowo, kutsegulira chinthu chisanathe kuyenda. Chimenecho ndi chiphamaso, ndipo phunziro lake ndi lina: tikaona mwala wa maziko ukuikidwa, mjigo ukutseguliridwa, mitengo ikubzalidwa pamaso pa makamera, tizibweranso pakatha chaka kudzaona ngati madzi akutuluka ndiponso ngati mitengoyo inathiriridwa. Kuchigwa kuno timalandira alendo ambiri pakachitika ngozi ya madzi. Ena amabwera ndi mtima weniweni ndipo tiwathokoze. Ena amabwera ndi thumba limodzi ndi ojambula asanu. Thumbalo si la feki, ufa wake tidyadi. Koma tili ndi liwu lotchulira mchitidwewo, ndipo tisachite nalo manyazi.

Tsopano chinyengo. Mukumbukira ndinati mbava za ku London zinkagwiritsa ntchito "fake" ngati liwu la zochita? Chinyengo chinasunga chimene feki anataya panjira. Ukangoti chinyengo, khutu limafunsa lokha kuti wanyenga ndani, wanyengedwa ndani. Pali wonyenga, pali wonyengedwa, pali mlandu woti upite kubwalo. Koma ukati "ndagula feki", chiganizocho chilibe munthu wina koma iwe wemwe. Anzako amaseka, nawe umaseka, n'kuti ndi mmene zinthu zilili masiku ano. Zimamveka ngati tsoka, ngati kupunthwa pa chitsa. Wogulitsa uja wasowa m'chiganizo, ndipo akasowa m'chiganizo amasowanso kubwalo la mfumu ndi kupolisi. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ndaimira pano lero.

Onani mmene zimakhalira pa nkhani zikuluzikulu. Mu Seputembala 2013 dziko linadzidzimuka ndi nkhani ya Cashgate, pamene zinadziwika kuti mabiliyoni a boma ankalipidwa ku makampani amene sanaperekepo katundu kapena kugwira ntchito iliyonse. Tikanangoti anali makampani a feki n'kusiyira pomwepo, palibe akanamangidwa. Koma kampani yapapepala ili ndi munthu amene anakailembetsa, wina amene analowetsa malipiro mu kompyuta, wina amene anasaina cheke, wina amene anakatapa ndalama kubanki. Makhoti atayamba kufunsa mayina m'pamene ena analowa m'ndende. Mu 2022 tinamvanso kuti K750 miliyoni ya feteleza wa alimi inalipidwa ku kampani ina ya ku Britain imene ntchito yake inali yogulitsa nyama. Anthu anakana kungoseka za butchala, anafunsa kuti anavomereza ndani, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zaulimi inachotsedwa paudindo.

N'chimodzimodzi uthenga uja umene pafupifupi aliyense wa foni pano anaulandirapo, wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena wina woimba modzitcha wa kukampani ya mafoni kuti mwapambana mphoto, mungomuuza nambala yanu yachinsinsi. Timati meseji ya feki, n'kufufuta. Koma kuseri kwa mesejiyo kuli munthu wakhala pansi ndi foni, akutumiza kwa anthu mazana, akudziwa kuti pa anthu onsewo pali gogo mmodzi amene akudikiradi kutumiza fizi ya mdzukulu wake. Nambala iliyonse m'dziko muno inayenera kulembetsedwa kuyambira pamene bungwe la MACRA linalamula zimenezi mu 2018. Choncho musamangofufuta. Kauzeni ejenti, imbirani kampani ya foniyo, chenjezani gogo wa pakhomo panu.

Ndatsala ndi mbali imodzi, ndipo ndi imene imandiopsa. Liwu lotchulira bodza litha kusanduka chida chophera choonadi. Mu Januwale 2017, Donald Trump atatsala pang'ono kulowa m'nyumba ya boma ku America, anauza mtolankhani wa CNN pamsonkhano kuti bungwe lake ndi "fake news". Mawuwo anafala dziko lonse, mwakuti olemba dikishonale ya Collins anawasankha kukhala mawu a chaka chimenecho. Poyamba ankatanthauza nkhani zopeka zofalitsidwa pa intaneti. Posakhalitsa atsogoleri m'mayiko ambiri anayamba kuwagwiritsa ntchito pa nkhani iliyonse imene sinawakomere, ngakhale yoona. Nafenso tatengera. Munthu akauzidwa chinthu chimene sakufuna kumva, amangoti za feki izo, nkhani yatha.

Ndiye taonani mmene zinthu zatembenukira. Chaka chomwecho cha 2017, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mphekesera ya anamapopa inayaka ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, inafika kuno kumunsi ndi ku Blantyre komwe. Palibe amene anaonetsa munthu mmodzi wopopedwa magazi, koma anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anzawo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Bodza limenelo tinalikhulupirira ndi mtima wonse. Patapita zaka zochepa, katemera wa Covid-19 atafika, uthenga wa pa WhatsApp unatiuza kuti matendawo ndi a feki, katemerayo ndi chiwembu. Anthu anazengereza, ndipo mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera woposa 19,000 amene anali atadutsa masiku ake. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nayenso anapeza anthu ena akunena kuti kuchipatala n'kumene akupatsira anthu matendawo. Chopeka tinachitcha choona, choona tinachitcha feki.

Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje sitingakwanitse kusewera ndi zimenezi, chifukwa timakhala kumene madzi onse a kumtunda amathera. Mvula itha kugwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mwanza kuno kuli dzuwa, koma Ruo, Mwanza ndi Shire n'kutipeza usiku. Tinaona mu Januwale 2015 Makhanga atasanduka chilumba. Tinaona namondwe Idai mu Malichi 2019. Tinaona namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene madzi anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kudula msewu wathu waukulu. Tinaona Freddy mu Malichi 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 600 m'dziko muno. A nthambi yoona zanyengo amachenjeza pawailesi masiku angapo namondwe asanafike. Nthawi zina amanena kuti mvula ikhala yoopsa, n'kugwa yochepa. Pamenepo ndimamva anthu akuti, "Aja ndi a feki, ulendo wathawu anatinamiza." Abale anga, sanakunamizeni. Kulosera nyengo ndi kuyeza zimene zingachitike, ndipo namondwe amatha kukhota njira ali m'nyanja. Woyeza amene waphonya alibe chimene wabisa, alibe chimene wapindula pa kusamuka kwanu. Palibe chinyengo pamenepo. Koma mukamumata dzina la feki, ulendo wotsatira akadzati samukirani kumtunda mudzakhala pansi, ndipo ana anu adzakhala nanu.

Ndikudziwa chifukwa chake makutu athu aumitsa. Munthu amene ananamizidwa ndi mbewu, n'kunamizidwa ndi sikelo ya venda pogulitsa thonje, n'kulonjezedwa mlatho nthawi ya kampeni, amafika poti sakhulupiriranso aliyense. Sindimuweruza. Koma kukana zonse si nzeru, ndi kutopa. Wochenjera amafunsa mafunso: wanena ndani, ali kuti, ndingamupeze mawa, akupindulapo chiyani ndikakhulupirira? Uthenga wa pafoni wopanda dzina, wongoti tumizani kwa anthu khumi, umagwa pa funso loyamba lomwe. Chenjezo la madzi lobwera kudzera pawailesi, kwa a DC, kwa mfumu ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, lili ndi eni ake amene mutha kuwafunsa maso ndi maso.

Aphunzitsi anzanga, pophunzitsa liwuli m'kalasi musalekere pa kumasulira kuti "fake" ndi chabodza. Apatseni ana zinthu zenizeni za kuno, paketi ya mbewu, foni yotchipa, sewero la ana a sukulu, uthenga wa mphoto, chenjezo la namondwe limene linaphonya, ndipo aziweruza okha kuti apa pali chinyengo, apa pali kusalimba chabe, apa pali chiphamaso, apa palibe mlandu. Mwana amene wazolowera kusiyanitsa choncho adzalemba Chingerezi chabwino, ndipo adzathandiza mayi ake pamsika.

Mafumu athu, nkhani zoterezi zikafika pabwalo panu, musalole kuti zithere pa mawu akuti anagula feki. Funsani dzina la wogulitsa ndi malo amene amayala. Malamulo a dziko lino amazindikira mlandu wopeza ndalama kapena katundu mwa kunamiza, mlandu wopanga chikalata chabodza, ndi mlandu wodzitcha munthu amene suli. Kuli bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lakhalapo kuyambira 1972, loyeza katundu ndi masikelo. Kuli Pharmacy and Medicines Regulatory Authority yoona za mankhwala a anthu, Pesticides Control Board yoona za mankhwala opopera mbewu, ndi Competition and Fair Trading Commission yolandira madandaulo a ogula. Maofesi amenewa ali kutali ndi ife, n'zoona, koma mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo ndi polisi ya pafupi ndiwo khomo lake.

Ndipo inu makolo, nyengo yobzala ikubwerayi, gulani mbewu ndi mankhwala m'sitolo yokhazikika imene mudzaipeze pomwepo mwezi wa mawa. Pemphani lisiti, ngakhale wogulitsa akwinye nkhope. Mukabzala musataye paketi kapena botolo. Lipindeni, muikemo lisitilo, mulisomeke kudenga mpaka mutakolola. Munda ukadzakukhumudwitsani, mudzatenge zimenezo popita kwa mlangizi, pamodzi ndi anzanu amene anagula pamalo omwewo, ndipo mukatchule tsiku, malo ndi munthu amene anakugulitsani.